Kalipentala amene anatsala pang'ono kupha Hitler

Anthu akamakamba za Ajeremani omwe anaukira Hitler amangothamangira kwa akuluakulu a asilikali amene anayesa kumupha mu 1944, koma ine amene amandikhudza kwambiri ndi Georg Elser, kalipentala wamba wa ku Königsbronn, wopanda womutuma komanso wopanda womuthandiza. Mkuluyu ankaona malipiro a antchito akutsika ndipo pofika kumapeto kwa 1938 anali atatsimikiza kuti nkhondo ikubwera basi.

Chaka chilichonse pa 8 November Hitler ankakalankhula mu holo ya mowa ya Bürgerbräukeller ku Munich. Ndiye Elser analowa ntchito pa kwale kuti azizembetsa zophulitsira miyala, kenako mu 1939 nkusamukira ku Munich, madzulo amalowa mu holomo ngati kasitomala, kudya bwinobwino nkubisala mpaka atseke, usiku onse ali chogwada kuboola chipilala cha kuseri kwa malo olankhulira kuti aikemo bomba, kukacha zidutswa nkutuluka nazo m'chikwama. Usiku oposa 30 zimenezi, mpaka mawondo kutupa kuchita mafinya. Mawotchi a bombalo anawakutira bwino kuti asamamveke kugunda.

Pa 8 November 1939 Hitler anadula zolankhula zake poti amathamangira sitima ya ku Berlin, anatuluka 9:07 usiku, bomba linaphulika 9:20. Mphindi 13 zokha abale. Denga linagwa pomwe anaima paja, anthu 8 anafa, mmodzi anali mayi wongogwira ntchito yoperekera zakumwa, izinso tisamabise. Elser anali atagwidwa kale ku Konstanz pa boda ya Switzerland, m'thumba muli positi khadi ya holo yomweyo.

Anamumenya koopsa kuti aulule omutuma chifukwa a Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Hitler, samakhulupirira kuti munthu mmodzi angachite zotere, boma linkalengeza kuti ndi ntchito ya akazitape a ku Britain. Anamusunga ku ndende ya Sachsenhausen kenako ya Dachau, nkumuombera pa 9 April 1945, nkhondo itangotsala mwezi umodzi kutha.

Chondipweteka nchakuti nkhondo itatha Ajeremani anzake anapitiriza kumunena, ena amati anali munthu wa SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler cha Nazi, ndipo bombalo linali sewero la a Nazi eniake, ngakhale m'busa Martin Niemöller ananenapo zimenezo. Zinatengera kupezeka kwa zikalata za mafunso a Gestapo m'ma 1960 kuti zidziwike kuti anali yekha. Holo ija anaigwetsa mu 1979, ndipo bwalo lotchedwa dzina la Elser ku Munich linadzabwera mu 1997.