Usiku wa mvula ku Panhala ndi mkangano wa pa linga la Vishalgad

Mu Julaye, ife kuno tikamakhala tikuotha moto chifukwa cha chisanu, ku chigawo cha Maharashtra m'dziko la India amakhala ali pakati pa dzinja. Mvula ya monsoon imayamba mu Juni n'kudzaleka cha mu Seputembala, ndipo mapiri a Sahyadri, omwe m'chilimwe amakhala otuwa, amabiriwira mpaka pa nsonga, mathithi n'kumatsika paliponse. Ikakwana nthawi imeneyi anthu a ku Pune, Mumbai ndi Kolhapur sakhazikika pakhomo Loweruka ndi Lamulungu. Ena amakapemphera ku kachisi wa Jyotiba, ena amakagona ku Amba kuti akaone nkhungu ikukwera m'zigwa, koma ambiri amakwera malinga akale a pamwamba pa mapiri. Ulendo umodzi wotchuka kwambiri ndi wapansi, wa masiku awiri, kuchoka pa linga la Panhala kulowera ku Vishalgad, mtunda woposa makilomita 50 m'matope, m'minda ya mpunga ndi m'nkhalango za misundu. Oyendawo amati akuponda m'mapazi a Shivaji, mtsogoleri amene anayambitsa ufumu wa Amaratha (anthu a ku Maharashtra), yemwe anadutsa njira imeneyi usiku wina wa mu Julaye 1660.

Pa 14 Julaye 2024, Lamulungu, kumapeto kwa njira yomweyi kunachitika zoopsa. Sambhajiraje Chhatrapati, wa ku banja lachifumu la Kolhapur komanso phungu wakale wa nyumba ya malamulo, anaitanitsa anthu kuti apite ku Vishalgad kukakakamiza boma kugumula nyumba ndi timasitolo tomwe ankati tinamangidwa popanda chilolezo pamwamba pa lingalo. Apolisi anatseka njira yokwerera. Gulu lina la anthuwo linatembenukira mudzi wa Gajapur womwe uli m'munsi mwa phiri, n'kuphwanya nyumba za Asilamu, magalimoto ndi mzikiti. Mudziwu suli pamwamba pa linga, ndipo nyumba zake sizinali m'gulu la zomwe ankakanganirana. Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kumvetsa kuti usiku wa mu 1660 unali wotani kwenikweni, poti onse amene ankakuwa ku Vishalgad ankatchula dzina la Shivaji.

Panhala ndi linga lakale kuposa Shivaji ndi zaka mazana anayi ndi kupitirira. Analimanga ndi mfumu Bhoja II wa fuko la Shilahara cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo pambuyo pake linagwa m'manja mwa mafumu a Adil Shahi a ku Bijapur, omwe anamanga zambiri zimene alendo amajambula lero, monga chipata cha Teen Darwaza. Vishalgad kale ankalitcha Khelna. Pa 10 Novembala 1659 Shivaji anapha Afzal Khan, mkulu wa asilikali a Bijapur, m'munsi mwa linga la Pratapgad, ndipo pasanathe milungu yambiri anali atalanda Panhala, kenako Khelna. Dzina loti Vishalgad anapereka ndi iye.

Mfumu ya Bijapur, Ali Adil Shah II, sinakhale chete. Inatumiza Siddi Jauhar, yemwe ankalamulira ku Kurnool, itamupatsa dzina laulemu loti Salabat Khan. Apa ndiime pang'ono, chifukwa mawu oti Siddi amatikhudza ife a ku Africa. Ndi dzina lomwe ku India ankatchulira anthu ochokera kum'mawa kwa Africa, ambiri a iwo obwera nawo ngati akapolo, ndipo m'maufumu a Deccan, dera la pakati ndi kum'mwera kwa India, ena anakwera mpaka kukhala akuluakulu a nkhondo ndi nduna. Malik Ambar, wobadwira ku Ethiopia, ndiye wodziwika kwambiri, ndipo agogo ndi bambo ake a Shivaji anatumikirako ufumu wa Ahmadnagar m'masiku a ulamuliro wake. Choncho amene anazinga Panhala mu Malichi 1660 anali munthu wa magazi a ku Africa, ndipo analizinga mwaluso.

Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa kuti nkhondo ya m'mapiri a Sahyadri imatha mvula ikayamba. Onga wa mfuti umanyowa, mitsinje imadzaza, ng'ombe zonyamula chakudya zimatitimira, asilikali amayamba kudwala. Shivaji anali ndi nkhokwe zikuluzikulu zamiyala mkati mwa Panhala, zomwe zilipo mpaka lero ndipo amazitcha Ambarkhana, kotero kuti akanatha kudikira. Koma Juni anafika, mvula inagwa, Jauhar osasuntha. Anafolera misasa yake n'kupitiriza kulondera njira zonse. Angerezi a kampani ya East India omwe anali ndi malo a malonda ku Rajapur, motsogozedwa ndi Henry Revington, anamugulitsa zida zophulika, ndipo anafika okha pa Panhala mbendera yawo ili m'mwamba. Shivaji sanaiwale zimenezi, chifukwa chaka chotsatira anakafunkha Rajapur n'kutsekera Angereziwo m'ndende. Kumpoto nako zinthu zinali zitaipa. Shaista Khan, mkulu wa nkhondo wa ufumu waukulu wa Mughal wa kumpoto kwa India, anali atalowa mu Pune mu Meyi ndipo anali akuzinga linga la Chakan. Netaji Palkar, mkulu wa asilikali a pa akavalo a Shivaji, anayesa kuboola mpanda wa Jauhar kuchokera kunja koma analephera. Mwa omwe anamenya nkhondo ku mbali ya Netaji tsiku limenelo munali Siddi Hilal, Msilamu komanso Msiddi ngati Jauhar, ndipo mwana wake Wahwah anagwa pa nkhondoyo.

Tsono nkhani imene mwana aliyense wa sukulu ku Maharashtra amaidziwa ndi iyi. Shivaji anatumiza uthenga woti akufuna kukambirana zogonja, alonda a Jauhar n'kutayirira pang'ono. Usiku wa pa 12 kucha wa pa 13 Julaye, mwezi uli wathunthu koma utabisika ndi mitambo, mvula ikukhuthuka, anatsika m'linga ndi anthu pafupifupi 600, ambiri a iwo asilikali a banja la Bandal ochokera ku Hirdas Maval. Panali machila awiri. M'machila amodzi munakwera Shiva Kashid, wometa tsitsi yemwe ankafanana nkhope ndi Shivaji, atavala zachifumu. Iyeyu anadutsa njira yoonekera, anagwidwa, ndipo atadziwika kuti si mfumu anaphedwa. Enawo anali atapita kale patali kudzera pamwamba pa phiri lathyathyathya lotchedwa Masai. Kutacha, Siddi Masud, mkamwini wa Jauhar, anali atawayandikira ndi asilikali a pa akavalo. Pa mpata wopapatiza wotchedwa Ghodkhind, pafupi ndi Gajapur, Baji Prabhu Deshpande, mmodzi wa atsogoleri a asilikali a Shivaji, anatsala ndi theka la anthuwo, atauza Shivaji kuti athamange ndipo akalowa m'Vishalgad awombe mizinga. Anatchinga mpatawo maola ambiri, thupi lonse lili mabala, ndipo anatsirizika atamva kulira kwa mizingayo. M'bale wake Phulaji anafera pomwepo. Mpatawo anautcha Pavankhind, kutanthauza mpata wopatulika.

Zingati mwa izi zili m'zolembedwa zakale? Cholembedwa chomwe akatswiri ambiri amachikhulupirira pa nkhani ya masiku ndi Jedhe Shakavali, kaundula wa zochitika wosungidwa ndi banja la Jedhe. Iye amangonena mwachidule kuti Shivaji anatsika ku Panhala n'kupita ku Khelna, asilikali a Jauhar anamulondola, nkhondo inakula, anthu a Bandal anamenya molimba mtima ndipo ambiri anafa, ndi kuti Baji Prabhu anaphedwa. Basi. Za mizinga, za machila awiri, za mawu otsiriza a Baji, zimachokera ku ma bakhar, nkhani za mbiri za m'Chimarathi zomwe zina zinalembedwa patapita zaka zoposa 100, komanso ku zimene anthu a m'midzi akhala akusimbirana. Shiva Kashid ali ndi chipilala chake ku Panhala, koma dzina lake mu kaundula uja mulibe. Mngerezi James Grant Duff, yemwe anasindikiza mbiri ya Amaratha mu 1826, analemba kuti Shivaji anathawira ku linga la Rangna osati Vishalgad, ndipo olemba a pambuyo pake anamutsutsa potsamira kaundula wa a Jedhe. Ine ndikuona kuti phata la nkhaniyi ndi loona: panali kuthawa m'mvula, panali anthu amene anatsala dala kuti afe, ndipo mfumu inapulumuka. Za wometa tsitsi sindingazitaye msanga, chifukwa alembi a nthawi imeneyo sankataya inki pa anthu wamba.

Pali chinthu chimodzi chimene ofotokoza nkhaniyi pa misonkhano amakonda kuchidumpha. Shivaji atafika pa Vishalgad sanapeze chipata chili chotsegula. Lingalo linali litazingidwanso, ndipo olizinga anali Suryarao Surve ndi Jaswantrao Dalvi, mafumu achihindu achimaratha omwe ankatumikira Bijapur. Anachita kuwaboola ndi lupanga kuti alowe. Ndiye kuti pa tsiku limodzi lomwelo, Ahindu ankamutchinga kutsogolo, Asilamu akumuthamangitsa kumbuyo, pomwe m'mbuyomo Msilamu wina anali atataya mwana pofuna kumupulumutsa. Nkhondoyi inali ya maufumu, ya malo ndi ya misonkho. Chipembedzo chinalimo, sindikukana, koma sichinali mzere umene unkagawa magulu awiriwo.

Panhala anaperekedwa kwa Jauhar mu Seputembala 1660. Jauhar sanadyerere: mfumu yake inamukayikira kuti analekerera Shivaji dala, anakangana, ndipo anafa pasanapite nthawi yaitali. Shivaji anadzalandanso Panhala mu 1673. Vishalgad anazingidwa ndi Aurangzeb mwiniwake, mfumu yaikulu ya Mughal, n'kulandidwa mu Juni 1702, ndipo pobwerera asilikali ake anazunzika koopsa ndi mitsinje yosefukira. Mu 1844, kutachitika kuukira kwa alonda a malinga a Kolhapur, Angerezi anagumula mbali zambiri za linga, ndipo banja la Pant Pratinidhi lomwe linkalamulira pamenepo linasamukira ku Malkapur. Chitsalireni ndi zipupa zogumuka, kachisi wa Amruteshwar, zikumbutso za Baji Prabhu ndi Phulaji, ndi dargah ya Malik Rehan.

Dargah ndi manda a munthu woyera wachisilamu, komwe anthu amapita kukapempha madalitso. Ya ku Vishalgad ndi ya zaka mazana angapo, ndipo mwambo umagwirizanitsa Malik Rehan ndi nthawi ya ufumu wachisilamu wa Bahmani, womwe unalanda Khelna cha m'ma 1470, Shivaji asanabadwe. Za moyo wa munthuyu zolembedwa zodalirika n'zochepa kwambiri, ndipo mbali iliyonse imamufotokoza mmene ikufunira: ena amati anali woyera mtima, ena amati anali msilikali wobwera ndi adani. Chimene sichikanika n'choti kwa mibadwo yambiri Ahindu ndi Asilamu akhala akupita limodzi kumeneko, makamaka pa urs, chikondwerero cha pachaka chokumbukira imfa ya woyerayo, akupereka nkhuku ndi mbuzi. Alendo atachuluka, pozungulira dargah panamera timasitolo, malo ogona ndi nyumba, zina za Asilamu, zina za Ahindu.

Odandaulawo ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Amati linga lomwe anthu anafera lasanduka msika wauve, zinyalala ndi nthenga zili mbwee, zipupa zakale zikugwa boma likungoyang'ana. Akuluakulu a boma anawerenga zomangidwa zoposa 150 zomwe anati n'zosaloledwa. Mu 2023 nthambi yoona za zinthu zakale inaletsa kupha ziweto pa lingalo, ndipo mu Juni 2024 Khoti Lalikulu la Bombay linalola kuti nsembe za pa Eid ndi urs zichitike, koma pa malo a eni ake osati poyera. Okhala pamwambapo nawo amati linga linalengezedwa kukhala malo otetezedwa mu 1999, iwo ali kale pomwepo, ndipo ena anali atakasuma kukhoti. Mlandu unali usanathe pamene gulu lija linafika.

Tsiku lotsatira chipwirikiticho boma linayamba kugumula zomangidwa pamwamba pa linga, mvula ili mkati. Patangopita masiku ochepa Khoti Lalikulu la Bombay linaimitsa ntchitoyo, oweruza atadzudzula boma kuti silingagwetse madenga a anthu pakati pa dzinja, ndipo anafunsa apolisi kuti anali kuti pamene Gajapur inkaphwanyidwa. Shahu Chhatrapati, bambo ake a Sambhajiraje, yemwe anali atangosankhidwa kumene kukhala phungu wa Kolhapur, anadzudzula zachiwawazo ndipo anapita yekha ku Gajapur kukaona mabanja omwe anaonongeredwa katundu. Bambo ndi mwana, onse a nyumba ya Shivaji, anaima mbali zosiyana.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika malinga 12 a Amaratha pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, 11 a ku Maharashtra ndi Gingee wa ku Tamil Nadu. Panhala ali m'gulumo, Vishalgad mulibe. Komatu mkati mwa Panhala muli tauni yathunthu, ya masukulu, misika ndi khonsolo yake, ndipo anthu ena okhalamo anadandaula poyera chisankhochi chisanachitike, poopa kuti malamulo oteteza zakale adzawachotsa pa malo a makolo awo. Anali ataona zimene zinachitikira anzawo kumapeto ena a njira ija.

Oyenda ulendo wa Julaye amanyamukabe m'mamawa pa chipilala cha Baji Prabhu ku Panhala, atavala malaya a pulasitiki, akufuula dzina la Shivaji. Amagona m'masukulu ndi m'nyumba za m'midzi ya m'njira, amadya bhakri (buledi wophwatalala) ndi zunka (ndiwo ya ufa wa tchana) zotentha, ndipo tsiku lachiwiri amatsika masitepe oterera a Pavankhind kukaika maluwa pomwe madzi amagwera m'phompho. Amene akufuna kukafika pa Vishalgad penipeni amadutsa pa Gajapur, poti msewu wokwerera kulinga umadzera m'mudzimo.