Ku Joni abusa samangidwa chifukwa chokana ukwati wa amuna okhaokha

Mphekesera yoti ku South Africa m'busa akakana kumangitsa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha amamangidwa ndi yabodza. Lamulo lololeza maukwatiwa linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2006, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko litagamula mu 2005 kuti kuwaletsa n'tsankho. Lamulolo silikakamiza mpingo uliwonse. Mpingo wofuna kumangitsa maukwati otere ndiwo umakapempha chilolezo kuboma.

Chimene chingasokoneze anthu ndi kusintha kwa 2020, komwe kunakhudza antchito a boma okha: wolembetsa maukwati ku Home Affairs, unduna woona za m'dziko, sangakanenso ponena za chikhulupiriro chake. Ine sindikuonapo chodabwitsa, poti malipiro ake amachokera m'misonkho ya aliyense. Kusinthako sikunakhudze abusa.