Lamulo la Mlandu ndi Kulapa m'Dziko la Cvstodia: Mafunso ndi Mayankho

Gemu ya Blasphemous inapangidwa ndi kampani ya The Game Kitchen ya mumzinda wa Seville ku Spain, ndipo inatulutsidwa ndi Team17 mu September 2019. Nkhani yake imachitikira ku Cvstodia, dziko lopeka limene munthu aliyense amadziona kuti ndi wopalamula. Ambiri amene angoyamba kusewera amadabwa kuona mphamvu zawo zikucheperachepera nthawi iliyonse akafa, osadziwa kuti gemuyo ikuwaweruza ndi lamulo lomwelo limene limaweruza anthu a m'dzikolo.

Kodi amalamulira Cvstodia ndani?

Pamaso pa anthu, wolamulira ndi mpingo, ndipo mutu wake ndi Escribar. Koma mphamvu yeniyeni ili ndi Chozizwitsa, chinthu chosaoneka chimene chimatenga mlandu ndi chisoni chimene munthu ali nacho mumtima n'kuchisandutsa chooneka pathupi. Mbiri ya dzikolo imati zonse zinayamba ndi mnyamata wina amene anapemphera mosalekeza kuti alangidwe, mpaka thupi lake linapotokera pa chipika cha mtengo, ndipo kuchokera pamenepo anthu anayamba kumulambira. Chozizwitsa sichikana pempho la munthu wofuna chilango, ndipo palibe amene angasiyanitse dalitso lake ndi temberero lake. Ngakhale Escribar sanapulumuke, chifukwa atatembenuza mpando wake n'kufulatira anthu ake, anasanduka mtengo waukulu umene unapsa n'kusiya phiri la phulusa, mpandowo uli pansonga.

Nanga wosewera amakhala ndani m'nkhaniyi?

Amakhala Wolapa, munthu yekhayo amene anatsala abale onse a chipani chake ataphedwa. Analumbira kuti sadzayankhula, amavala chisoti chachitsulo chachitali chosongoka, ndipo amanyamula lupanga lotchedwa Mea Culpa. Lupangalo linachokera kwa mayi wina amene ankadziguguda pachifuwa ndi kachifaniziro ka mnyamata wopotoka uja, uku akupempha chilango, mpaka kachifanizirocho kanatulutsa mpeni n'kumubaya.

Chimachitika n'chiyani Wolapa akafa?

Amadzukanso pa chogwadira chimene anapempherapo komaliza, chotchedwa Prie Dieu, koma chidutswa cha mlandu wake chimatsala pafupi ndi pamene anafera. Zotsatira zake zimaoneka pamwamba pa sikirini: minga imamera n'kuphimba mbali ina ya mzere wabuluu wosonyeza changu, chomwe ndi mphamvu imene Wolapa amagwiritsa ntchito popereka mapemphero omenyera adani. Kuwonjezera apo, Misozi ya Chitetezero imene amapeza akapha mdani imachepa, ndipo misoziyo ndiyo ndalama za dzikolo, zogulira katundu ndi luso latsopano la lupanga. Akafanso asanatole chidutswa choyambacho, mlandu umawonjezekera ndipo minga imakulirakulira.

Tiyenera kuzindikira kuti misozi imene anasonkhanitsa kale simutayika. Chilangocho sichilanda zimene munthu ali nazo, koma chimafooketsa zimene angachite mawa, ndipo n'chifukwa chake wosewera wosasamala amatha kuyenda nthawi yaitali ali wolemedwa asanadziwe chimene chikumuvuta.

Kodi mlanduwo umachotsedwa bwanji?

Njira yaulere ndiyo kubwerera pamalo a imfa n'kukatola chidutswacho, ngakhale kuti nthawi zambiri chimakhala pakati pa adani omwe aja, kapena m'mphepete mwa dzenje la zisonga limene limapha munthu kamodzi n'kamodzi. Njira ina ndiyo kupita kwa chimodzi mwa ziboliboli zoululira machimo n'kulipira misozi. Kugwada pa Prie Dieu kumabwezeretsa moyo, kumadzaza mabotolo a ndulu ochiritsira ndiponso kumadzutsa adani wamba amene anaphedwa, koma pakokha sikukhululukira kanthu.

Kodi Zodzichepetsa Zitatu zimene Deogracias, munthu amene amalangiza Wolapa pa ulendo wake, amanena n'chiyani?

Ndi maulendo atatu amene Wolapa ayenera kuyenda kuti chitseko cha kumapeto kwa mlatho waukulu chitseguke, ndipo atha kuwayenda m'dongosolo lililonse limene wasankha. Pa ulendo uliwonse amagonjetsa mlonda, kenako amalandira bala loyera kwa nkhope yagolide. Alondawo ndi Ten Piedad, Tres Angustias, ndi Mayi wa Nkhope Yopsa, amene amakhala m'nyumba ya masisitere pamwamba pa mapiri a chisanu. Nkhani ya mayiyu ikusonyeza bwino mmene lamuloli limagwirira ntchito. Anali mtsikana wotchedwa Áurea, wokongola kwambiri moti anthu anayamba kumulambira, ndipo pofuna kuletsa tchimolo anadzithira mafuta owira kumaso. Bala lake silinapole konse, anthu anapitiriza kumulambira kuposa kale, ndipo masisitere omutsatira anayamba kudziwotcha nkhope nawonso.

Kodi zimenezi ndi chiphunzitso cha Mpingo wa Katolika?

Ayi. Opanga gemuyi anatenga maonekedwe a chipembedzo cha kum'mwera kwa Spain, makamaka maulendo a m'Sabata Loyera ku Seville, kumene olapa amayenda m'misewu atavala zipewa zosongoka. Nkhani ya Áurea nayonso imafanana ndi mbiri imene anthu a mumzindawo amasimba ya María Coronel, mayi wa m'zaka za m'ma 1300 amene akuti anadziwotcha nkhope ndi mafuta pothawa Mfumu Pedro I. Koma pa chiphunzitso, ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Mkatolika akaulula machimo amalandira chikhululukiro ndipo salipira kanthu, pomwe ku Cvstodia kuulula kuli ndi mtengo wake ndipo mlandu umabwereranso pa imfa yotsatira. Ndi dziko limene linasunga kulapa n'kutaya chikhululukiro.

N'chifukwa chiyani osewera ena amaphwanya ziboliboli zoululira machimo?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikuona kuti ndi pamene olemba gemuyi anaganiza mozama kwambiri. Pali mkanda wina woyera wa pa kolona umene umayamwa mlandu wa Wolapa, ndipo akafa katatu atauvala umada n'kusanduka mkanda wa kulemera kwa mlandu weniweni. Ndi mkanda umenewo, wosewera akaphwanya chiboliboli amatha kulowa m'malo obisika n'kumenyana ndi magulu a adani. Malo otere alipo 7, ndipo akamapambana, munga umene Deogracias anaupereka kuti ukhale pa chigwiriro cha lupanga umakula.

Chiboliboli chophwanyidwa sichilandiranso malipiro, choncho wosewerayo amakhala akudzitsekera yekha njira yapafupi. Amene anangolipira ulendo wonse, akagonjetsa Escribar n'kuyamba kukwera phiri la phulusa, amamira asanafike pamwamba monga anamirira ena onse. Amene anasenza mlandu wonse amafika pampando, amadzibaya ndi Mea Culpa n'kusanduka mtengo wopotoka umene anthu amayamba kuulambira, mpaka Crisanta, msilikali wamkazi wa mpingo, atabwera kudzasolola lupangalo. Mathero achitatu anawonjezeredwa mu December 2021 m'gawo lotchedwa Wounds of Eventide, ndipo m'menemo Wolapa amakafika kwa eni ake enieni a Chozizwitsa n'kuwapha. Nkhani ya Blasphemous 2, imene inatuluka mu August 2023, imapitirira kuchokera pamenepo.

Kodi malumbiro atatu a kulapa amene amasankhidwa poyambiranso gemu ndi otani?

Anabwera mu August 2020 ndi gawo la The Stir of Dawn, ndipo amapezeka kwa amene anamaliza gemu kamodzi n'kuyambiranso pa mlingo wovuta. Lumbiro la chikhulupiriro chosagwedezeka limachepetsa mphamvu ya lupanga ndi theka, koma changu chimadzibwezeretsa chokha, motero wosewera amadalira mapemphero. Lumbiro la mtima wokha magazi limagawa moyo m'timagawo towerengeka, ndipo kumenyedwa kulikonse kumachotsa kamodzi. Lumbiro la mlandu weniweni ndilo lowawa pa onse kwa munthu wofa pafupipafupi, chifukwa imfa imodzi yokha imadzaza mlandu mpaka pamapeto n'kulanda misozi yonse, ndipo mabotolo a ndulu amabwezeretsa changu m'malo mwa moyo. Wosewera amaloledwa kusiya lumbiro lake pakati pa ulendo, koma akatero amataya mphotho imene imaperekedwa kwa womaliza nalo.