Agogo akaiwala dzina lanu, akadali munthu?

Mwezi watha mu ofesi yanga munalowa abambo awiri apachibale, atagwira amayi awo okalamba pamkono. Ankafuna ndiwakonzere mapepala ogulitsira nyumba ya ku Chilenje, yomwe ili m'dzina la amayiwo. Wamkulu anandinong'oneza kuti, "A loya, musavutike n'kuwafunsa. Mutu unapita kale, changotsala ndi thupi." Agogowo anali duu, akusalaza chitenje pamaondo. Nditawapatsa moni anawomba m'manja, nandifunsa ngati mvula yayamba ku Katete. Dzina la mwana wawo analiiwala, koma ulemu ayi.

Liwu loti munthu timalisenzetsa katundu wambiri. Wobadwa kwa anthu ndi munthu, pamenepo palibe mkangano. Koma tikaona wina akulanda amasiye katundu maliro asanathe, timati "ameneyu si munthu". Sitikunena kuti wamera ubweya, tikunena kuti wataya umunthu. Umunthu woterewu umachita kuphunziridwa pakati pa anzako, n'chifukwa chake akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Umakula, umachepa, ena umawathera.

Anzeru a ku Ulaya anayesa muyeso wina. John Locke wa ku England, m'zaka za m'ma 1600, ankati chimene chimapanga munthu ndi kuganiza, kudzizindikira ndi kukumbukira kuti wadzulo uja ndine ndemwe. Zikumveka bwino mpaka utaika khanda la masiku atatu pasikelo imeneyo, kapena agogo a ku Chilenje aja. Onse awiri agwa. Muyeso umene ukutaya khanda ndi nkhalamba, ine ndimaukayikira muyesowo.

Malamulo nawo ali ndi zawo. Kampani yolembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, imawerengedwa ngati munthu: imagula malo, imasuma, imasumiridwa. Koma ikafa palibe amene amakagona pamaliro ake.

Chimene ndimafuna anthu amvetse ndi chakuti pali ulemerero wina umene suchita kugwiridwa ntchito, ndipo sulandidwa. Dziko lathu la Zambia linachedwa kuzivomereza. Lamulo la atsamunda la matenda a maganizo, Mental Disorders Act, linkatchula odwala ndi mayina onga chitsiru ndi chidzete, ndipo tinakhala nalo zaka zoposa 50 chilandirireni ufulu. Mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti mawu amenewo akutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, Mental Health Act. Mawu anachoka m'buku, koma m'minibasi mukadamvekabe "uyu ngwa ku Chainama", kutanthauza chipatala cha matenda a maganizo, ngati kuti nkhani yathera pomwepo.

Ngakhale chigawenga chimene tonse tachitcha chilombo chili ndi ulemerero umenewu. Mu Disembala 2022 Zambia inachotsa chilango cha imfa m'malamulo a milandu yaupandu. Wakupha mnzake amalangidwa ndithu, koma amaimirira pamaso pa woweruza, amamvedwa, amadya, akadwala amapatsidwa mankhwala. Ngozi imabwera tikasakaniza ziwirizi, umunthu wa khalidwe ndi ulemerero wosalandidwawu: mawu odzudzula khalidwe oti "si munthu" akasanduka chilolezo choponyera wakuba miyala pamsika, kapena chotsekera wodwala m'chipinda chakuseri kuti alendo asamuone.

Ndinakokera mpando pafupi ndi agogowo n'kuwafunsa ngati akufuna kuti nyumba igulitsidwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga mango anga adzathyola ndani?" Wamng'ono uja anawerama. Ndinawauza anawo kuti kuiwalaiwala kwa amayi awo sikuwapatsa iwo mphamvu yosainira. Pafunika dokotala awaone, khoti liunike, ndipo zofuna za mwini nyumba zimvedwe. Wamkulu anatola mapepala ake mokwiya. Potuluka, agogowo anatembenuka pakhomo nati, "Tsalani bwino, mwanangu."