Si kuzizira kumene kumapha batire la pikapu ya dizilo

Pikapu ikakana kulira m'mawa wozizira, ambiri amati chisanu chapha batire. Ayi ndithu. Batirelo linayamba kufooka kalekale, nthawi yotentha. Kutentha kumaumitsa madzi a m'batire ndi kudya timapuleti ta mtovu mwakachetechete, galimoto ikuyendabe bwinobwino. Kuzizira kumangoulula matendawo.

Nanga bwanji limagonja tsiku lozizira? Asidi akazizira, batire limatulutsa moto wochepa, pomwe injini ikufuna wochuluka. Oyilo walimba. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri kuposa ya petulo, choncho sitata imavutika kuitembenuza, ndipo ma glow plug, tizitsulo totenthetsa mkati mwa injini kuti ilire, amakhala atamwako kale moto sitata isanagwire n'komwe. N'chifukwa chake nambala ya CCA yolembedwa pabatire, yosonyeza moto umene batirelo lingatulutse poliza injini kukazizira, amaiyeza pa -18°C. Musagule batire la CCA yochepa kuposa imene opanga galimotoyo analamula.

Chimene chimandiwawa ndi mapikapu a mabatire awiri: munthu amasintha limodzi lokha kuti apulumutse ndalama. Lakalelo limakoka moto wa latsopano n'kulikalambitsa msanga. Sinthani onse awiri, ofanana, ndipo batire likadutsa zaka 3 muziliyezetsa nyengo yozizira isanafike.