Chikondi chosayankhidwa mbali ziwiri za malire

M'mafilimu ena a nyimbo ndi nthabwala amene achinyamata a kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amaonera pafoni, mumakhala mnyamata wokonda mnzake wapamtima, mwamuna mnzake, pamene mnzakeyo amangomuona ngati m'bale. Amene saululayo amathera kuimba yekha. Ifenso kuimba zobisika tikukudziwa, chifukwa amayi athu akhala akutulira pamtondo zimene sangazinene pamaso pa apongozi. Komabe ambiri kuno amati nkhani yotereyi ndi mlandu, ndipo maganizo amenewa ali ndi mbiri yake.

Lamulo la milandu limene Apwitikizi anakhazikitsa mu 1886 linkalola boma kutsekera anthu ochita zimene linkazitcha zonyansa zosemphana ndi chilengedwe, ndipo linatsalabe m'mabuku ngakhale Mozambique italandira ufulu mu 1975. Pulezidenti Armando Guebuza anasaina lamulo latsopano mu Disembala 2014, ndipo litayamba kugwira ntchito mu Juni 2015, mawu aja anali atachotsedwa. Lamulo la ntchito la 2007 linali litaletsa kale kusala munthu pantchito chifukwa cha amene amamukonda.

Koma Mchewa kapena Mngoni wa ku Ulongue, Tsangano ndi Furancungo makutu ake ali ku Malawi kuposa ku Maputo, poti wailesi yolankhula chinenero chake, msika wa ku Dedza ndiponso achibale ambiri zili kutsidya kwa malire a Calomue. Kumeneko Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre mu Disembala 2009, anagamulidwa zaka 14 m'ndende mu Meyi 2010 pa mlandu wogonana amuna okhaokha, kenako Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations panthawiyo, anali m'dzikomo. Nkhani ya kumangidwa kwawo inafika m'midzi yathu mwachangu ndipo inakhazikika m'mitima, pamene ya 2015, yolembedwa m'Chipwitikizi, ambiri sanaimve n'komwe. Mu Juni 2024 khoti la ku Malawi linagamulanso kuti lamulo loletsa kugonana amuna kapena akazi okhaokha lipitirire.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mnyamata wa kuno wokonda mnzake amaopa ndende imene dziko lake linatseka kalekale. Wa m'filimu uja amaopa kukanidwa kokha, koma wathuyu amaopanso amalume, mpingo ndi bwalo la amfumu. Bungwe la Lambda, limene linayamba mu 2006 kuyankhulira anthu otere ku Maputo, linadikira zaka zoposa khumi boma osalilembetsa.