Msewu ukamakonzedwa, wa njinga adutse pati?

Aliyense amene wakhala akuyenda mumzinda wa Lilongwe kuyambira chaka cha 2021, pamene ntchito yokuza msewu wa Kenyatta inayamba, anazolowera migolo yotchinga msewu, fumbi losatha ndi zikwangwani zomuuza kuti akhotere kwina. Zomwezi zakhala zikuchitika pa msewu wa M1 kulowera kumpoto, kumene phula lakale linaphwasulidwa malo ambiri kuti liyalidwe latsopano. Madandaulo amene amamveka kwambiri pa wailesi ndi a oyendetsa galimoto, chifukwa iwo ndiwo amachedwa pa mzere ndi kutha mafuta. Ine ntchito yanga ndi ya uinjiniya wa misewu, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikuima pamalo otere ndaona kuti amene moyo wake umakhala pachiswe kuposa onse ndi munthu wa njinga yakapalasa: wakabaza amene wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, wamakala amene matumba ake amuposa kutalika, kapena mwana wa sukulu amene wachedwa belu.

Kontrakitala asanakumbe paliponse amayenera kulemba dongosolo la mmene anthu ndi magalimoto azidutsira nthawi ya ntchito, ndipo injiniya woyang'anira ntchitoyo amalivomereza. M'dongosolomo mumalembedwa pamene padzaikidwe zikwangwani, kukula kwa msewu wongoyembekezera, liwiro lololedwa, ndi malo amene padzaime anthu a mbendera. Chimene ndiyenera kuvomereza, chifukwa ndi choonadi chimene chimandivutitsa mtima, ndi chakuti ife mainjiniya tikamalemba zimenezi m'maso mwathu mumakhala galimoto. Timayeza ngati mathiraki awiri angadutsane, timayeza ngati basi ingakhote, koma kawirikawiri njinga sitiiwerengera, ngakhale kuti m'maboma ngati Salima, Mchinji, Kasungu ndi Nsanje njinga ndizo zimachuluka pamsewu. Wopalasa njinga ayenera kulowa pamalo okonzedwa akudziwa kuti mwina palibe amene anamuganizira, ndipo zonse zimene ndikulemba pano zikuchokera pamenepo.

Malo oopsa kwambiri, amenenso anthu ambiri sawazindikira, ndi pamene msewu watsala mbali imodzi yokha ndipo magalimoto akudutsa mosinthana. Kumapeto kulikonse kumaima munthu wa mbendera yofiira ndi yobiriwira, kapena wa chikwangwani cholembedwa STOP mbali imodzi ndi GO mbali inayo. Tiyerekeze kuti gawo limeneli ndi lotalika kilomita imodzi. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 40 pa ola imalimaliza m'mphindi imodzi ndi theka, pamene njinga yolemedwa ndi katundu, imene ikuyenda makilomita 10 pa ola, imafunika mphindi zisanu ndi imodzi. Anthu a mbendera aja amauzana pa foni kapena pa wailesi yam'manja kuti galimoto yomaliza ndi yamtundu wakuti, nambala yake ndi yakuti, ndipo wa kutsidyayo akangoiona ikutuluka amatsegulira magalimoto ake. Njinga ilibe nambala ndipo nthawi zambiri sitchulidwa n'komwe. Zotsatira zake n'zakuti wopalasa uja, ali pakati penipeni pa njira yopapatiza, migolo mbali iyi ndi dzenje mbali inayo, amangoona mzere wonse wa magalimoto ukumudzera kutsogolo, oyendetsa ake ali ndi chikhulupiriro chonse kuti njira ili yoyera.

Mankhwala a vuto limeneli ndi kulankhula. Mukafika pamalo otere imani pafupi ndi wa mbenderayo, mumupatse moni, ndipo mumuuze kuti akamanena za galimoto yomaliza atchulenso kuti kumbuyo kwake kuli njinga. Lolani magalimoto onse a mbali yanu ayambe apita kuti pasakhale thiraki yokupumirani m'khosi, kenako mutsatire. Pamene mukupalasa, maso azifufuziratu pothawira, monga mpata wa pakati pa migolo kapena malo athyathyathya kumbali, kuti magalimoto a kutsidya akatsegulidwa musanatuluke mudziwe kolowera. Ngati muli angapo, monga zimakhalira ndi akabaza a pa siteji imodzi kapena amakala olawirira kutauni, lowani pamodzi ngati gulu, chifukwa wa mbendera angaiwale njinga imodzi koma sangaiwale njinga zisanu. Ndipo ngati gawolo ndi lalitali ndiponso lokwera, kutsika n'kuyendetsa njinga ndi manja kunja kwa migolo si kutaya nthawi.

Chachiwiri ndi pansi pamene tayala likuponda. Msewu wongoyembekezera umakhala wadothi kapena wansangalabwi, ndipo mathiraki akaudutsa masiku ochepa okha umachita mizere ngati lata. Galimoto imangogwedezeka, koma njinga imene kaliyala yake yanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 imapepuka kutsogolo, tayala lakutsogolo limadumphadumpha, ndipo handulo imasiya kumvera. Nsangalabwi zosatsenderedwa zimakankhidwa ndi matayala a magalimoto n'kukaunjikana m'mphepete, kumanzere kwenikweni kumene lamulo limati njinga iziyenda. Pa miyala yotere buleki yakutsogolo ikagwidwa mwadzidzidzi tayala limaterereka ndipo munthu amagwa chammbali, nthawi zina kugwera kumene kuli magalimoto. Ndi bwino kuchepetsa liwiro mukadali pa phula, kugwira mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, ndi kusakhota mwamphamvu pamene tayala lili pamiyala.

M'chilimwe kontrakitala amathira madzi ndi bauza, galimoto ya thanki lamadzi, kuti fumbi lichepe, chomwe ndi chabwino kwa anthu okhala m'mbali mwa msewu. Koma dothi lofiira la katondo likangonyowa pamwamba limaterera ngati sopo, ndipo matope akamatirira pa limu mabuleki a labala sagwira mpaka atauma. Kumene sikunathiridwe madzi vuto limakhala lina. Thiraki ikadutsa imasiya fumbi lochindikala ngati khoma, ndipo woyendetsa galimoto yotsatira saona kanthu kwa masekondi angapo. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imatha pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, kotero masekondi atatu okha a fumbi ndi mtunda wa mamita 50 umene woyendetsayo wadutsa osaona. Wanjinga amene wapitiriza kupalasa mkati mwa fumbilo amakhala kuti wayika moyo wake m'manja mwa munthu amene sakumuona. Tulukani mumsewu, imani, fumbi liyambe latsika.

Palinso kachitsetse kamene kamakhalapo pamene phula latsopano layalidwa pakati koma m'mphepete simunadzazidwe. Nthawi zina kamangotalika ngati zala zitatu kapena zinayi, ndipo munthu wa pa galimoto sakazindikira n'komwe, koma tayala la njinga likakakhudza chammbali silikwera, limangokhukhuza n'kugwetsa mwini wake. Pofuna kubwerera pa phula, yang'anani kumbuyo, ndipo mukwere kachitsetseko tayala litalunjika nako, kapena mutsike n'kukweza njinga ndi manja.

Tsopano ndifike pa nkhani imene timakangana nayo kwambiri ndi apanjinga. Gawo la msewu likatsekedwa, n'kukhala kuti latsenderedwa bwino kapena layalidwa kale phula, wanjinga amayang'ana fumbi la msewu wongoyembekezera, n'kuyang'ana msewu wosalala wopanda galimoto, n'kuzemba pakati pa migolo. Ine sindimuweruza msanga munthu ameneyo, chifukwa nthawi zina wasankhadi kumene kuli ngozi yochepa. Koma pali zinthu zimene iye sazidziwa za msewu wotsekedwa. Tisanayale phula timathira mafuta akuda amadzimadzi pa nthaka yotsenderedwayo, ndipo amafunika tsiku lathunthu kapena kuposa kuti alowerere. Njinga ikadutsapo imaterereka, imadetsa zovala za pasenjala, ndipo imasiya mzere umene tiyenera kukonzanso. Phula lenileni limayalidwa likutentha pafupifupi madigiri 150, kutentha kokwanira kuwononga tayala ndi kuwotcha phazi la munthu wovala patapata. Oyeza msewu amakhoma zikhomo zachitsulo n'kumangapo chingwe chopyapyala chimene sichioneka madzulo. Giredala yosalaza msewu ndi lola yotsendera nthaka zimagwira ntchito mopita kutsogolo ndi kubwerera chambuyo, ndipo woyendetsa wake, amene ali pamwamba pakati pa phokoso, sayembekezera kuti kumbuyo kwake kuli munthu. Choopsa kuposa zonse ndi dzenje la kalavati (njira ya madzi yodutsa pansi pa msewu), limene limadula msewu wonse kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo likhoza kukumbidwa masana pamalo amene m'mawa munadutsa bwinobwino. Pa ntchito ina imene ndinkayang'anira, bambo wina wobwerera kumudzi usiku anagwera m'dzenje lotere n'kuthyoka phewa. Migolo inalipo, koma panalibe chonyezimira chilichonse, ndipo kulakwa kumeneko kunali kwathu.

Chifukwa chimene anthu amazembera n'chosavuta kumva. Msewu ukatsekedwa n'kuuza anthu kuti azungulire makilomita atatu, wa galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola wataya mphindi zitatu, koma wa njinga yoyenda makilomita 12 pa ola wataya mphindi khumi ndi zisanu pamodzi ndi thukuta lake. Kwa wakabaza, amene mtengo wa ulendo anagwirizana kale ndi pasenjala, imeneyi ndi ndalama yotuluka m'thumba mwake paulendo uliwonse. N'chifukwa chake ndimaona kuti kungoika chikwangwani choletsa si yankho. Njinga imafunika kanjira kotakata mita imodzi ndi theka basi, ndipo m'malo ambiri n'zotheka kusiya kanjira kotere m'mbali mwa ntchito, kotchingidwa ndi migolo, ndi kuyala matabwa olimba pamene pali ngalande. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa msewu wonse. Kumene tinachita zimenezi anthu anasiya okha kuzemba, popanda wowathamangitsa.

Pali kutsekeka kwina kwa msewu kumene sikukonzedwa ndi munthu. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera. Pa nthawi ngati zimenezi njinga ndiyo imasanduka mlatho wa anthu, chifukwa imanyamulika pa phewa pamene galimoto yaima. Komabe madzi oyenda amene afika m'mawondo amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo njinga ikakhala m'madzimo mafunde amaikoka pamodzi ndi woigwira. Kumapeto kwa phula limene ladukanso si pokhulupirika, popeza madzi amakhala atadya dothi lapansi n'kusiya phula lili lende ngati denga. Musaime pamphepete pofuna kusuzumira, ndipo katundu awoloke payekha, njinga payokha.

Za usiku ndinene mwachidule, chifukwa aliyense akuzidziwa ngakhale ambiri sazichita. Pamalo okonzedwa mizere yoyera imakhala itafafanizika, magetsi a mumsewu amakhala atazulidwa, ndipo woyendetsa galimoto maso ake amakhala pa migolo. Nyali yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi chovala chowala ndizo zokha zimene zingamuuze kuti pali munthu. Zikwangwani za ntchito yamsewu m'maiko a SADC zimakhala zachikasu pofuna kusonyeza kuti ndi zongoyembekezera, choncho mukaona chachikasu mudziwe kuti msewu umene mumaudziwa wasintha kutsogoloko.

Oyendetsa galimoto nawonso ali ndi mbali yawo. Pa msonkhano waukulu wa chitetezo cha pamsewu umene unachitikira ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2020, maiko anagwirizana kuti pamalo pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi ndi apanjinga liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola, chifukwa munthu wogundidwa pa liwiro limeneli nthawi zambiri amapulumuka, pamene liwiro likakwera mwayi umenewo umatsika msanga. Msewu wongoyembekezera ndi malo otero ndendende. Kuimbira hutala wanjinga amene kumanzere kwake kuli dzenje sikumupatsa kolowera, kumangomusokoneza.

Anthu ambiri amaganiza kuti zimene kontrakitala waika ndi lamulo losasinthika, pamene dongosolo lija limasinthidwa nthawi iliyonse injiniya akaona chifukwa. Pa ntchito yaikulu iliyonse pamakhala chikwangwani chosonyeza mwini ntchito, kontrakitala ndi injiniya woyang'anira, ndipo pa ntchito zambiri pamakhalanso munthu woona za chitetezo ndi wina wolumikizana ndi anthu a m'dera. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndipo misewu yambiri ya m'mizinda ndi m'maboma imayang'aniridwa ndi makhonsolo. Wapampando wa siteji ya kabaza, a mfumu kapena khansala akhoza kupita ku kampu ya kontrakitala n'kupempha kuonana ndi injiniya woyang'anira. Dandaulo limene limagwira ntchito ndi lotchula malo enieni ndi chinthu chenicheni: kuti pa kalavati ya pafupi ndi msika palibe thabwa lowolokera, kuti a mbendera a pa chitunda chakuti satchula njinga, kapena kuti nsangalabwi zaunjikana m'mphepete kuyambira pa sukulu mpaka pa chigayo. Lilembedwe pa pepala, likhale ndi tsiku, ndipo kope limodzi litsale kwa wapampandoyo, chifukwa kalata yotere imalowa m'zokambirana za msonkhano wa pamwezi wa ntchitoyo, kumene kontrakitala amayenera kuyankha kuti wachitapo chiyani.